Botolo Losukuluka la a Dokotala

Chipinda choyezera magazi chinali kumapeto kwenikweni kwa khonde la chipatala, kupitirira kochapira nsalu za odwala, ndipo mwini wake anali a Dokotala. Kunena zoona sanali dokotala. Anali mkulu wa labu basi, koma kalekale wodwala wina anawatchula choncho, iwo osamuwongolera, ndipo kuyambira pamenepo ukawaitana mwina ankachita ngati makutu atseka. Pakhoma panali satifiketi yawo ya m'felemu, imene ankaipukuta Lolemba lililonse. Makina oyezera mowa m'magazi ankapukutidwa mwa apo ndi apo.

M'furiji, pa shelefu yapamwamba, pankakhala botolo labulauni. Munali madzi osakaniza ndi mowa, muyeso wake wodziwika bwino, ndipo pa chipepala chake panalembedwa 80. M'mawa uliwonse ankathirako pang'ono m'kakapu n'kuwapatsa makinawo kuti alawe, ngati kuwauza kuti 80 ndi ameneyu. Makinawo ankangokhulupirira, ndipo tsiku lonse ankayeza magazi a madalaivala powayerekeza ndi zimene alawa m'mawa. Nambala yomweyo ndiyo inali malire a lamulo. Dalaivala wopitirira 80 ankalandidwa layisensi.

Buku la makinawo linkanena kuti zotsala m'kakapu zizitayidwa mu sinki, ndiponso kuti botolo lisapitirire miyezi itatu. La a Dokotala linali litatha miyezi khumi. Iwo sankataya kanthu. Thonje ankalidula panayi, maenvelopu ankawatembenuza. Kakapu kaja kankakhala pazenera, kosavundikira, mpaka nthawi ya tiyi, ndiye ankabwezera zotsalazo m'botolo, lilime lili panja, osadontheza ngakhale dontho limodzi. Pa msonkhano wa akuluakulu a chipatala anawaimiritsa n'kuwaombera m'manja, akuti madipatimenti ena atengerepo phunziro.

Amene ankagwira ntchito yeniyeni m'chipindamo anali mayi wina amene anzake ankamutcha Chibwereza, chifukwa sankakhulupirira chinthu choyezedwa kamodzi kokha. Chaka chake choyamba ananenapo za kakapu kaja. A Dokotala anaseka, n'kunena kuti olemba bukulo ali ndi nyumba yodzaza mabotolo, ife tili ndi limodzi. Iye anangoti zikomo, osayambitsanso nkhaniyo. Zaka zinapita akuona kubwezerako m'mawa uliwonse mpaka maso anazolowera.

A Buledi anabwera nawo ndi wapolisi Loweruka lina masana. Anali bambo wa imvi za m'mbali, atavala ovololo ya kampani yophika buledi, ndipo dzinalo anawapatsa ndi eni magolosale amene iwo ankawatulira katundu kwa zaka 23. Pokhota pafupi ndi msika anali atathyola galasi lapambali la galimoto ina, mwini galimotoyo n'kukhala munthu wa mawu aakulu amene anaumirira kuti mdalayu akayezedwe. A Buledi sanakane kuti anamwako pang'ono potsanzikana ndi mnzawo wopuma pa ntchito. Anapinda okha mkono wa ovololo asanauzidwe, n'kupepesa kuti uli ndi ufa. Chibwereza anawatsuka pamkono ndi madzi ndi sopo, monga buku limanenera, n'kutenga magazi. Makina anati 91. Anabwereza, anatinso 91. Anasaina.

"Ndiye kuti bwanji, amayi?" anafunsa a Buledi.

Anayankha ndi wapolisi, akupinda pepala lija. "Ndiye kuti buledi azinyamula ena, mdala."

Layisensi inatsala kupolisi kudikira mlandu. Kukampani anawauza kuti azikweza kaye mathireyi m'galimoto za anzawo, ndipo khoti likawapeza olakwa asadzavutike n'kubwera.

Patapita masabata atatu, a ku sitolo ya chipatala anabweretsa botolo latsopano, lomata, a Dokotala ali ku msonkhano wa masiku awiri wophunzitsa kasamalidwe ka zipangizo. Nthawi zonse iwo ndiwo ankalandira botolo latsopano, n'kulitsekera m'kabati mpaka lakale litatheratu, moti mabotolo awiri anali asanakumanepo pa tebulo limodzi. Tsiku limenelo ntchito inali yochepa. Chibwereza anaphunzitsa makina ndi botolo lakale monga mwa masiku onse, kenako, popanda chifukwa chenicheni kupatula khalidwe lake lija, anatsegula latsopano n'kuliyeza ngati magazi a munthu. Pa chipepala panalembedwa 80. Makina anati 97.

Anatsuka kakapu, nayezanso. 97. Kachitatu anasintha ndi magolovesi omwe. Kenako anakhala pansi n'kuyang'ana zenera lija. Mowa ukausiya poyera umauluka, madzi n'kutsala. Zimenezi anazidziwa ali pasukulu. M'mawa uliwonse za m'kakapu zinkataya mphamvu pang'ono padzuwa, a Dokotala n'kubwezera madzi osukulukawo m'botolo. Makina ankalawa chinthu chofooka n'kuuzidwa kuti 80 ndi ameneyu, ndiye magazi aliwonse owadutsa ankawaona ngati ali ndi mowa wambiri kuposa umene unalimo. Anatenga pensulo. 91 ya a Buledi inali pafupifupi 75.

Anatsegula buku lolembamo zotsatira n'kumabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba. Anthu okhala pakati pa 80 ndi 97 anakwana 47. Ena anali olakwadi, poti botolo linasukuluka pang'onopang'ono, ena ayi, ndipo kuwasiyanitsa kunali kosatheka chifukwa magazi otsala ankatayidwa pakatha masiku 14. Lamulo limenelo lokha a Dokotala ankalisunga mosaphonya, poti m'furiji munkafunikanso malo a mkaka wawo wa tiyi. Pansi pa dzina lililonse panali siginecha ya Chibwereza. A Dokotala sankasaina mapepala a kukhoti, ankati mabenchi akumeneko amawapweteka msana. Ambiri mwa anthu 47 aja milandu yawo inali itatha kale. Wa a Buledi unali usanazengedwe.

A Dokotala atabwerako ku msonkhano, atapachika paphewa chikwama chatsopano chimene anagawidwa kumeneko, Chibwereza anawadikira amwe kaye tiyi.

"Bwana, botolo lathu linasukuluka."

"Linasukuluka? Ndi tiyi ameneyo?"

Anawaonetsa manambala. Poyamba ananena kuti cholakwika ndi botolo latsopanolo, mafakitale a masiku ano ndi achinyengo. Atatero anati makina amafuna dzanja lowazolowera. Pomaliza anafunsa amene anamupatsa chilolezo chotsegula katundu wa chipatala iwo palibe. Chibwereza anati n'zosavuta, atumize mabotolo onse awiri ku labu ina akayezedwe. Apo a Dokotala anadzuka. Anatsegula furiji, natenga botolo lakale, nalikhuthulira mu sinki, mpopi uli chitsegulire. Pa zaka zonsezo aka kanali koyamba kuwaona akutaya chinthu chogulidwa ndi ndalama. Botolo lopanda kanthulo analitsuka bwinobwino n'kuliika m'kabati, poti linali losasweka. Anaphunzitsa makina ndi latsopano, nalemba m'buku ndi dzanja lawo lokongola lija kuti makina ali bwino.

"Yezani tsopano, mayi. Paja kubwereza ndi ntchito yanu."

Iye anafunsa ngati alembera khoti kalata yoliuza za cholakwikacho. A Dokotala anamuyang'ana ngati mwana amene wayankhula zamwano pamaso pa alendo. Ananena kuti m'chipinda chino simubwera munthu wochokera kupemphero, kuti wa 91 ndi wa 75 fungo lawo n'limodzi, kuti iwo pa zaka makumi atatu achotsa zidakwa zambiri pamsewu kuposa apolisi onse pamodzi. Akuvala jekete lawo loyera, limene ankalivala popita ku kantini kokha, anawonjezera mofatsa.

"Komanso musanathamange, muyang'ane kaye kuti pamapepala aja pali dzina la ndani."

Kuyambira m'mawa wotsatira a Dokotala ankataya zotsala za m'kakapu mu sinki, ndipo ankakonda kutero pakakhala woonerera. Namwino wina atabwera ndi magazi a wodwala anamuimika kuti aone, n'kumuuza kuti labu yabwino imadziwika ndi tizinthu ting'onoting'ono totere, iwo akhala akulimbikira zimenezi kuyambira kale koma ana a masiku ano samva. Chibwereza anali pompo, akulemba. Chisamani cha mlandu wa a Buledi chinafika Lachisanu la sabata lomwelo.

Lamlungu masana Chibwereza anawafotokozera amuna ake. Iwo anali telala, ndipo tsikulo anali pakhonde akumaliza mayunifolomu a sukulu, mlongo wawo ali pambali kusokerera mabatani, mwendo wake wolumala atautambasulira pa kampando. Chibwereza anayamba ndi za makina, koma ataona kuti akungogwedeza mutu mwaulemu anawavula tepi imene inali m'khosi mwawo. Anawafunsa kuti tepiyi itafupika pochapa, manambala ake n'kukhala omwewo, makasitomala angaoneke bwanji.

"Onenepa onse," anatero iwo. "Ndi alamu anuwa omwe, owonda ngati singano."

"Ndisiyeni ine, achimwene," anatero mlongo wawoyo osadzutsa mutu.

Amuna akewo anamvetsa, koma kumvetsako sikunawasinthe maganizo. Anafunsa ngati mdalayo anamwa. Anamwa. Anayendetsa? Anayendetsa. Nanga manambala ndi a chiyani? Anati munthu sataya ntchito ya zaka zisanu ndi zinayi chifukwa cha chidakwa chimene sakuchidziwa n'komwe, ana atatu ali pasukulu. Anati kukhoti palibe amene akumupempha kunama, makina anati 91 ndipo iye akangonena kuti makina anati 91. Kenako analoza ndi sizasi mwendo wa mlongo wawo, n'kunena kuti ngati akufuna nambala yoona ya dalaivala womwa, ndi imeneyo, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano.

Mawuwo anali oona mbali yake. Amene anayankha anali mlamu wakeyo, ataluma ulusi.

"Musandilowetse m'nkhani zanu. Amene anandigunda ine sanayezedwe n'komwe. Anali ndi tayi."

Makina osokera anayambanso kulira. Patapita nthawi amuna ake anangoti, poti nkhope yake ikuoneka kuti yasankha kale, akavale diresi yabuluu ija, yobiriwirayo imakwera kumbuyo munthu akakhalitsa pa benchi.

Tsiku la mlandu anafika m'mawa. Khonde la khoti linali ndi mabenchi awiri, anthu okwana mabenchi asanu. A Buledi anali atavala suti yakale yofupika manja, akazi awo ali pambali atafumbata chikwama pamiyendo. Atamuona anaimirira n'kumupatsa moni ndi manja awiri, ngati si iye amene anawalembera 91. Anamuuza, osafunsidwa, kuti mathireyi aja ndi olemera kuposa mmene amaonekera, ndipo madalaivala amene iwo anawaphunzitsa kubwerera m'mbuyo tsopano amawaimbira hutala kuti afulumire. Akazi awo sanaimirire. Anamuyang'ana Chibwereza kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kuuza amuna awo, mokweza ndithu, kuti akhale pansi, si apongozi awo amenewo.

Loya wawo anali wodziwika pakhotipo. Akalaliki ndi amesenjala ankamutcha Sipiriti, chifukwa pa milandu ya madalaivala anali ndi funso limodzi lokha, loti kodi wotenga magazi sanapukute mkono ndi sipiriti, amene nayenso ndi mowa. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo funsolo linamupambanitsa mlandu, namwino wina watsopano pa ntchito atavomera, ndipo kuyambira pamenepo ankaliyendetsa khoti ndi khoti ngati mbuzi yosowa wogula. Anali ndi mkanjo wakuda wotuwa m'mapewa, mafoni awiri, ndi mafayilo amene sankawatsegula.

Chibwereza anamupeza pa masitepe. Anadzitchula kuti ndi ndani, n'kunena kuti pali chinthu chokhudza makina chimene ayenera kumufunsa akalowa. Loyayo anayang'ana uku ndi uku, nabwerera m'mbuyo. Anati iye sayankhula ndi mboni za boma pakhonde, mbiri yake ndi yoyera. Anati ngati mayi ali ndi vuto la ndalama pakhomo adzanene mwaulemu mlandu ukatha, osati kuyambira kutali chonchi. Chibwereza anayesanso, n'kutchula botolo. Foni ina inalira.

"Mayi, za makina musandiphunzitse ine. Ndinayamba kufunsa anthu a ku labu inu muli ku pulayimale. Mukangoyankha zimene ndikufunseni."

Chibwereza anatsala ndi chiyembekezo chimodzi. Woimira boma, wapolisi wonenepa wa nyenyezi ziwiri paphewa, ankawerenga mafunso ake papepala lotayipa limene linali litada m'mphepete, ndipo Chibwereza ankawadziwa pamtima poti anawayankha kambirimbiri. Funso lachisanu ndi chimodzi linkafunsa ngati makina anali bwino pa tsikulo. Likabwera limenelo, iye akanangoti ayi.

Anamuitana itangopitirira 11 koloko. Woweruza anali mayi wa magalasi amene ankalemba chilichonse ndi dzanja, mutu uli pansi, ndipo pa tebulo pake panali mulu wa mafayilo wotalika kuposa jagi yake ya madzi. Chibwereza analumbira. Anatchula dzina, ntchito, zaka zimene wagwira. Anavomera kuti munthuyu akumudziwa, ndiponso kuti anamutenga magazi. Mafunso asanu anatha. Woimira boma anatsitsa chala papepala lake, nadumpha mzere umodzi, n'kufunsa kuti makina anati chiyani. Sanamuyang'ane. Apo Chibwereza anazindikira kuti a Dokotala, ngakhale msana unkawapweteka, foni ankatha kuimba.

"Anati 91, koma..."

"Zikomo, mayi. Siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

Woimira boma anakhala pansi. Sipiriti anaimirira pang'onopang'ono, nakonza mkanjo, nasunthira pakati kuti a kumbuyo amuone bwino. Anayamba kulongosolera khoti kuti thupi la munthu ndi chinthu chodabwitsa, kuti khungu lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Woweruza anamupempha kuti afike pa funso. Kalaliki anali atayamba kale kumwetulira.

"Ndikufuna muuze khoti lino, mayi, ndipo muganize bwino musanayankhe. Mkono wa bambowa munaupukuta ndi chiyani?"

"Madzi ndi sopo."

"Osati sipiriti?"

"Ayi."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikutsimikiza."

Sipiriti anagwedeza mutu ngati wakola chinthu chachikulu, n'kunena kuti alibenso funso. Ntchito imene a Buledi anamulembera inathera pamenepo. Akazi awo anatseka maso.

Woweruza anauza mboni kuti yamasuka, akutembenuza tsamba. Mesenjala anali atatsegula kale kachitseko ka malo oima mboni. Miyendo ya Chibwereza inkafuna kutuluka. Anagwira thabwa la kutsogolo kwake ndi manja onse awiri.

"Bwana woweruza, ndinalumbira kuti ndinena zoona zonse. Ndanenapo theka."

Cholembera chinaima. Woimira boma anayamba kudzuka, koma thupi lake silinali lodzuka msanga, ndipo Chibwereza anapezerapo mpata. Ananena kuti nambala ili papepalapo ndi yolakwika, kuti madzi ophunzitsira makina anali atasukuluka, kuti makinawo ankawonjezera pa magazi a aliyense, kuti nambala yoona ya bambowa inali pansi pa malire. Ananenanso kuti si bambowa okha. Pofika pa 47, woimira boma anali ataimirira ndipo mawu ake anaphimba a mboni, kupempha kuti khoti lipume mphindi khumi akafunse kwa akuluakulu ake.

Woweruza anavula magalasi. Anayang'ana Chibwereza, kenako mulu wa mafayilo uja, ndipo zimene ankawerengera mumtima zinaonekera pankhope: milandu yotsekedwa kale, ina ndi dzanja lake lomwe, kuti itsegulidwenso umodzi umodzi. Anayang'ana tsamba lake. Kuyambira pamene anamasula mboni anali asanalembepo kanthu. Anati khoti lipuma.

Mphindi khumizo zinakwana ola. Panalibe amene anabwera pafupi ndi Chibwereza. Pazenera ankaona woimira boma akuzungulira mtengo wa pabwalo, foni ili kukhutu, akuweramira munthu amene sankamuona. Sipiriti anali pakhonde kuwafotokozera akazi a a Buledi kuti ndi mmene amachitira iye, amayamba ndi kafunso kakang'ono kuti mboni iulule yokha.

Atalowanso, woimira boma ananena m'mawu ochepa kuti boma, litaganizira msinkhu wa woimbidwa mlandu ndi mbiri yake yabwino pamsewu, lasankha kuuchotsa mlanduwu. Woweruza anafunsa ngati mbali inayo ili ndi chonena. Loya wogwira ntchito yake akanapempha kuti mawu a mboni alembedwe kaye. Sipiriti anathokoza boma chifukwa cha mtima wake wachifundo, nathokoza khoti, nathokozanso boma. Chibwereza anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. Woweruza anamuuza, mofatsa ndithu, kuti mlandu umene iye anali mboni yake kulibenso, ndiye khoti lilibe pomumvera. Ngati ali ndi dandaulo la kuntchito alembere akuluakulu ake kudzera kwa mkulu wa dipatimenti yake. Kenako analemba mizere iwiri, naponya fayilo pa mulu wa zotha, naitanitsa yotsatira.

Mkulu wa dipatimenti yake anali a Dokotala.

Layisensi inatuluka mu envelopu ya kaki pakhonde pomwepo, wapolisi akuwasainitsa a Buledi atatsamiza pepala kukhoma. Iwo anaitembenuza kawiri, naipukuta pa jekete, naiika m'thumba lamkati n'kumanga batani. Lolemba adzakhala pa chiwongolero. Anagwira dzanja la loya nthawi yaitali, loyayo maso ali pa foni. Akazi awo anabwera kwa Chibwereza, naima osadziwa poika maso, n'kunena kuti Mulungu amudalitse, ndipo mawu a m'mawa aja asawasunge kumtima. Iye anati palibe kanthu.

Anali atafika pa geti, akuganiza za mmene akalowere m'chipinda chija mawa, pamene anamva mapazi kumbuyo kwake. Anali a Buledi okha, akupuma mwawefuwefu. Anavula chipewa. Anati iwo sukulu sanapite nayo patali, zambiri za m'kati muja zawadutsa pamwamba, koma amvako kuti nambala yawo yeniyeni inali yotsika. Iye anati inde, pafupifupi 75. Anafunsa ngati malire ndi 80 ndithu. Anati inde. A Buledi anawerenga pa zala, milomo ikuyenda, nacheuka kuona ngati akazi awo ali patali, n'kutsitsa mawu.

"Ndiye kuti panatsala kamalo. Inu zinthuzi mumazidziwa, amayi. Munthu wa thupi langali, kuti asapitirire, angamwe mabotolo angati?"

Mawu amene anamubwerera Chibwereza koyamba sanali oyenera kuuza munthu wa imvi, ndiye anawameza.

"Ine ndimayeza magazi, bambo. Za mabotolo mukafunse loya wanu."

Anatuluka pa geti. Podikira basi anaima kutali ndi msewu, pafupi ndi mpanda.